Msau si munga wamba, usadulidwe

Alimi ena m'boma la Chifunde akamasosa m'minda amadula timitengo ta masau poyesa zitsamba zaminga wamba. Chonsecho nthawi yachisanu masau omwewa ndiwo amagulira mchere ndi sopo m'makomo ambiri m'chigawo cha Tete.

Kuuzindikira msau n'kosavuta. Tembenuzani tsamba: kunsi kwake n'kotuwa, kwaubweya, ndipo mitsempha itatu imachokera patsinde la tsambalo. Minga imakhala iwiriiwiri, wina wowongoka, unzake wokhota ngati mbedza. Maluwa ake ndi ang'onoang'ono, achikasu mobiriwira, ndipo njuchi sizichokapo.

Wofuna kudzala aswe nthanga yolimbayo mosamala, afese njere zam'kati. Mbande ikamera aitchingire msanga, chifukwa mbuzi siziopa minga tsamba likakhala lanthete.