Dzina la siteji: la msewu kapena la dera?

Kwerani minibasi ku Lilongwe yopita ku Dedza, mumvetsere kondakitala. Simudzamva akukuwa kuti "M1". Mudzamva "Nathenje! Chimbiya! Linthipe 1! Dedza Roadblock!" Msewu ndi umodzi, koma aliyense amatsikira pa dzina la kwawo.

Nkhani ya mayina a masiteji imaoneka ngati yachabechabe, komatu mizinda imene ikumanga njanji zoyenda m'tauni imakumana nayo: siteshoni itchedwe dzina la msewu kapena la dera? Ku Addis Ababa, m'dziko la Ethiopia, sitima zam'tauni zinayamba kuyenda mu 2015, ndipo masiteshoni ngati Ayat, Megenagna ndi Kality anatengera mayina a madera amene anthu ankawadziwa kale.

Kuno kwathu tilibe sitima zoterezi, koma njanji yomwe tili nayo ili ndi nzeru yomweyo. Mukatsetsereka mapiri a Dedza kuchokera pa Masasa, mumakapeza njanji yopita ku Salima pa Golomoti. Siteshoni yake ndi Golomoti basi, ngati mmene zilili pa Chipoka ndi pa Balaka. Ngakhale msewu wokhotakhota wotsikira kumeneko, ine ndi anzanga timangoti Khwekhwerere. Nambala yake yapamapu ndi ochepa angaitchule.

Boma likapereka dzina, sikuti anthu amangolilandira ayi. Mu 2006 msewu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje unatchedwa Robert Mugabe Highway, koma mpaka lero ambiri amati wa Midima. Ku Blantyre anthu amatsikabe pa Kandodo Corner Shop, chonsecho sitolo za Kandodo zinatha kalekale. Dzina limakhala pakamwa, osati pachikwangwani.

Ndiye n'chifukwa chiyani ndikudandaula? Masiku ano ulendo umayambira pafoni. Mlimi wa kachewere ku Bembeke akapeza wogula pa WhatsApp, amafunika kumuuza poima galimoto. Mtsikana amene akupita koyamba kukayamba ntchito ku Dedza amadalira Google Maps. Dzina lapamapu likasiyana ndi limene kondakitala ndi wakabaza amalidziwa, munthu amapitirira siteji yake, n'kulipira kawiri, mwinanso usiku. Si zocheza zimenezo.

Tisakane, mayina a madera alinso ndi vuto lake. Dera limakhala lalikulu, n'chifukwa chake anthu anachita kusiyanitsa Linthipe 1 ndi Linthipe 3. Ambulansi singapeze wodwala mutangoti "ku Chimbiya". Apa m'pamene ntchito ya bungwe la MACRA, yopereka mayina a misewu ndi manambala a nyumba, ili yofunika zedi.

Koma adiresi ndi siteji ndi zinthu ziwiri. Adiresi imakufikitsa pakhomo, siteji imakuuza kuti wafika kwa ayani. Choncho makhonsolo akamaika zikwangwani, pamwamba alembe dzina limene anthu amatchula, la msewu libwere m'munsi mwake. Ndipo asanapente kalikonse, afunse mafumu, amayi ogulitsa pamsika ndi anyamata a kabaza.

Ifenso achinyamata tili ndi mbali yathu. Google Maps imalola aliyense kuwonjezera malo amene akusowa. Tsegulani foni, muone ngati siteji yakwanu ilipo. Ngati palibe, ilembeni, m'malembedwe ake enieni, wina wakutali asanaipatse dzina lake.