Chithunzi Chikongole, Koma Nambala Iwoneke

Tsegulani ma status a pa WhatsApp madzulo aliwonse, mupeza Blantyre yense akugulitsa kanthu. Wa ku Ndirande akutsatsa makeke a ukwati, wa ku Bangwe watsegula belo la kaunjika lomwe wakapikula mu Limbe, achinyamata a mpingo ku Chilomoni akuitanira anthu ku mapemphero a usiku wonse. Mapositala ambiriwa akupangidwa pafoni pomwepo, pa Canva kapena PixelLab, ndipo ambiri akudwala nthenda imodzi: chithunzi chakumbuyo chikumeza mawu.

Taganizani chitenje cha maluwa ofiira ndi achikasu, pamwamba pake nambala ya Airtel Money yolembedwanso mofiira. Kasitomala ali mu minibasi pa Chipembere Highway, dzuwa likuwomba pafoni. Alimbane nazo? Ayi ndithu. Angodutsa, ndalama ija akadya ndi mnzanu.

Odziwa ntchitoyi amayala mtundu umodzi pamwamba pa chithunzi, n'kuuchepetsa mphamvu mpaka chithunzicho chiziwonekera chapansipansi, ngati munthu ali m'neti ya udzudzu. Mawu amabwera pamapeto, pamwamba pa zonse. Mu Photoshop muli njira yotchedwa multiply, yomwe imadetsa: poyera pamatenga mtundu womwe mwayalawo, pakuda pamakhalabe pakuda, ndiye zilembo zoyera zimatumphuka bwino. Inzake, screen, imawalitsa, yoyenera zilembo zakuda. Okonza mawebusayiti amachita zomwezi mu CSS ndi lamulo la background-blend-mode. Pa Canva ingoikani bokosi la mtundu wodera, muchepetse transparency, mwatha.

Nkhaniyi ili ndi muyeso wake. Malangizo a WCAG 2.0 omwe bungwe la W3C lidatulutsa mu 2008 amati kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo zing'onozing'ono ndi zakumbuyo kwake kusachepere 4.5:1. Zakuda pa zoyera ndi 21:1. Kufiira ndi kubiriwira kumakongola pa mbendera yathu, koma zilembo zofiira pa zobiriwira zimawawitsa maso, komanso anthu ena, makamaka amuna, sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi. A Maule musakwiye, apa a Manoma akuchinyani: zilembo zoyera zimawerengeka bwino pa buluu wodera kuposa pa kufiira kowala.

Musanatumize positala yanu, tulukani nayo panja masana, muchepetse kuwala kwa foni, kenako mupatse amayi kapena agogo awerenge nambalayo mokweza. Akaima pakati n'kufinya maso, bwererani mukawonjezere kudera kwa bokosi lija.