Tsiku limene makompyuta a zombo anazima

Zombo zikuluzikulu zimanyamula katundu panyanja. Zina zimakocheza ku Beira, ku Nacala ndi ku Maputo. Koma chombo sichiyenda ndi mafuta okha. Chimafunanso uthenga.

Katundu amalongedwa m'mabokosi achitsulo otchedwa makontena. Kontena iliyonse ili ndi nambala yake. Kompyuta imasunga nambalayo. Imasunganso dzina la mwini katundu ndi doko limene katunduyo akupita. Makompyuta a m'maiko osiyanasiyana amalumikizana kudzera m'mawaya oyalidwa pansi pa nyanja. Motero doko lina likatsekedwa, kampani imadziwa msanga. Imapatutsira katundu kwina.

Nanga makompyutawo atazima, chingachitike n'chiyani?

Pa 27 Juni 2017, pulogalamu yowononga yotchedwa NotPetya inafalikira kuchokera ku Ukraine. Inalowa m'makompyuta a Maersk, kampani ya zombo ya ku Denmark. Makompyuta anazima m'maofesi ake padziko lonse. Zombo zinali bwinobwino. Antchito analipo. Koma pamadoko ena zipata zinatsekeka. Malole anandandalika pamsewu. Zinali zovuta kudziwa kuti kontena iti ikwere chombo chiti.

Antchito anatenga mapepala ndi zolembera. Ankatumizirana mauthenga pa mafoni awo. Ntchito inkayenda, koma pang'onopang'ono.

Kampaniyo inali ndi kaundula wa anthu ololedwa kugwiritsa ntchito makompyuta ake. Popanda kaundulayo, sikunatheke kuyambiranso. Makope ake anafufutika, kupatula limodzi lokha. Linali mu ofesi ina ya kampaniyo ku Africa. Kumeneko magetsi anali atazima, choncho pulogalamu yowononga ija sinafikeko. Kope limenelo analitengera ku England pa ndege.

M'masiku 10, amisiri anakonzanso makompyuta 45,000 ndi makompyuta akuluakulu osunga zinthu 4,000. Kampaniyo inataya madola a ku America pakati pa 250 miliyoni ndi 300 miliyoni.

Mlimi amasunga mbewu padera, kutali ndi nkhokwe ya chakudya. Nkhokwe ikapsa, chaka chamawa adzalimabe. Malonda nawonso ndi chimodzimodzi. Kampani imene yasunga zolemba zake padera imadzuka msanga. Imene sinasunge imaima, ndipo ogula amapita kwina.

Tiyeni tikambirane

1. Kodi kompyuta imasunga chiyani za kontena?
2. Chifukwa chiyani malole anaima pomwe zombo zinali bwinobwino?
3. Kodi kope limodzi lija linapulumuka bwanji?
4. Nanga inu, buku lanu la malonda litapsa, mungadziwe bwanji amene muli nawo ngongole?