Thupi Losasenza Kanthu Limafota

M'chaka cha 1964, pamene dziko la Zambia linali kulandira ufulu, mphunzitsi wina wa sayansi, Edward Nkoloso, anasonkhanitsa achinyamata pafamu ina kunja kwa Lusaka nanena kuti adzawatumiza kumwezi. Ankawaloŵetsa mumgolo ndi kuwakunkhuniza pachitunda, kuti azoloŵere kupepuka kumene munthu amamva mumlengalenga. Anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni, koma sanapatsidwe. Ambiri anamseka. Mgolowo sukadakonzekeretsa munthu ulendo wotere, komatu funso lake linali lanzeru: kodi thupi limatani likaleka kulemera?

Tsopano yankho likudziŵika. Anthu okhala m'chombo cha International Space Station, makilomita pafupifupi 400 pamwamba pathu, amangoyandama. Miyendo siisenza kanthu, motero minofu imafota, ndipo mafupa a m'chiuno amatha kuchepa ndi gawo limodzi mwa magawo 100 mwezi uliwonse. Magazi nawo amakwera kumutu, nkhope nitupa, ndipo ena maso awo amayamba kuona mosiyana ndi kale. Mankhwala aakulu amene anapezeka ndi ntchito. Tsiku lililonse amathamanga pamakina atadzimanga malamba, ndiponso amakankha zitsulo, kwa maola aŵiri. Dokotala wa ku Russia, Valeri Polyakov, anakhala m'chombo cha Mir masiku 437 kuyambira mu 1994 mpaka mu 1995, ndipo atatera anayenda yekha mapazi angapo kukakhala pampando.

Pofuna kuphunzira zimenezi pansi pano, madokotala amagoneka anthu abwinobwino pakama kwa milungu yambiri, pakuti kugona kosadzuka kumalanda thupi katundu wake monga momwe mlengalenga umachitira. Mu 1966 ku Dallas, m'dziko la America, anyamata asanu anagonekedwa milungu itatu. Atawayezanso patapita zaka 30, kunapezeka kuti milungu itatu ija inafooketsa mitima yawo koposa zaka 30 za kukula.

Apa mpamene nkhaniyi ifika pakhomo pathu. Kuno kwa Kawinga, mayi amene amalima mpunga kudambo ndi kusenza ndowa kuchokera kumjigo safuna makina othamangirapo. Koma taganizani za agogo amene adwala malungo kapena chibayo. Ife ana awo, chifukwa cha chikondi, timawayalira mphasa m'nyumba ndi kuwaletsa kudzuka: madzi tiwapatsira pomwepo, phala pomwepo. Matenda atha, koma miyendo yakana, ndipo tiyamba kunena kuti ndi ukalamba, mwinanso kuloza anzathu chala.

Ngati fupa silinathyoke ndipo achipatala alola, wodwala akhazikidwe tsonga, aimitsidwe, ayendetsedwe pang'onopang'ono. Inu achinyamata, ntchito iyi njanu. Agwireni mkono agogo m'maŵa dzuŵa lisanatenthe, mufike nawo pakhonde. Maŵa lake mufike pankhokwe, mkuja patsinde la mango.