Mwala Wachotsedwa Koma Tizidutswa Tatsala: Kodi Mankhwala Okodzetsa Angathandize?

Wodwala akatuluka m'chipatala atachitidwa opaleshoni ya mwala wa m'impso, mitima ya apabanja imakhala pansi. Ululu womugudubuza pansi uja watha. Ndiye patapita masabata angapo, pobwerera kukaonedwanso, dokotala akuloza chithunzi cha sikani n'kunena kuti tizidutswa tina tikadali momwemo. Ambirife timayamba kukayika ngati opaleshoniyo inayenda bwino.

Nthawi zambiri imakhala kuti inayenda bwino ndithu. Masiku ano madokotala sakonda kung'amba munthu kuti atulutse mwala wathunthu, amauswa kaye. Mu 1980 madokotala a ku Munich, m'dziko la Germany, anayamba kuswa miyala ndi mafunde amphamvu ochokera m'makina, osacheka khungu. Njira ina ndi yolowetsa kachubu kokhala ndi kamera kudzera m'njira ya mkodzo n'kuswa mwalawo ndi laser, ndipo mwala waukulu kwambiri amaufikira poboola kabowo kumsana. Chinthu chikasweka sichilephera kusiya nyenyeswa, ndipo zina thupi liyenera kuzitulutsa lokha pokodza.

Vuto lili pa mmene impso inapangidwira. M'kati mwake muli tizipinda tosonkhanitsa mkodzo, ndipo tina tili m'munsi kuposa potulukira pake. Tizidutswa tikagwera mmenemo timadikha ngati mchenga pansi pa mtsuko: madzi amatuluka, mchenga n'kutsala. Kale tizidutswa tosaposa mamilimita 4 ankatitenga ngati topanda vuto, koma zinadzaoneka kuti tina timakula n'kukhalanso mwala, tina timatsakamira m'kanjira kochokera ku impso kupita ku chikhodzodzo.

Apa mpamene panachokera ganizo la mankhwala okodzetsa: mkodzo ukachuluka, mwina ungakokolole zotsalirazo. Madokotala a ku Toronto, ku Canada, analiyesa ndipo zotsatira zinatuluka mu 2001. Odwala ankapatsidwa furosemide, amene ambiri timawadziwa ndi dzina loti Lasix, kenako ankawagoneka chafufumimba pabedi lopendekeka, mutu kumunsi, n'kumawagogoda pamsana pamene pali impso ndi kamakina. Mwa anthu amene anathandizidwa motere, 40 pa 100 aliwonse tizidutswa tinatha, pamene mwa amene anangodikira, tinatha mwa 3 okha. Ku Singapore anachitanso zofanana mu 2005, koma m'malo mwa mankhwala odwala ankangomwa theka la lita ya madzi asanawapendeketse. Kumeneko tinatha mwa anthu pafupifupi 63 pa 100 aliwonse, poyerekeza ndi 35 mwa amene sanachitidwe zimenezi.

Ziwerengerozi n'zolimbikitsa, komabe tiziwerenge mofatsa. Mankhwala okodzetsa sanagwire ntchitoyo okha. Kupendeketsa kunatembenuza mtsuko uja, kugogoda kunasunthitsa mchenga, ndipo mkodzo unangomaliza kukokolola. Ku Singapore madzi wamba anakwanira kugwira ntchito ya mankhwala. Bungwe la Cochrane litaunika nkhaniyi mu 2013 linapeza kafukufuku muwiri yekhayu, wa anthu 177 onse pamodzi, ndipo linati umboniwo ukadali wochepa. Tikumbukirenso kuti anthuwa anali oswedwa miyala ndi mafunde, ndipo zonse zinkachitikira m'chipatala, madokotala akuyang'anira.

Chimene chimatidetsa nkhawa ndi zochitika kunyumba. M'mabanja ambiri muli agogo kapena amalume amene amamwa Lasix chifukwa cha matenda a mtima kapena kutupa miyendo, ndipo kupatsana mapiritsi ife sitikuona ngati mlandu. Koma furosemide amachotsa madzi ndi potassium m'thupi, amatha kutsitsa BP mpaka munthu kuchita chizungulire, komanso amachulukitsa calcium mu mkodzo, pamene miyala yambiri imapangidwa ndi calcium yemweyo. Munthu akakodza kwambiri osabwezera madziwo, mkodzo wotsatira umakhala wochepa ndi wokhathamira, zomwe miyala imakonda. Choopsa kwambiri n'chakuti ngati kachidutswa katseka kale njira, kukakamiza impso kupanga mkodzo wambiri kumangowonjezera kufufuma ndi ululu. Tizidutswa nthawi zina timandandalikana m'kanjira kaja, ndipo madokotala amakutcha Steinstrasse, mawu a Chijeremani otanthauza msewu wa miyala. Zimenezi sizitha ndi mapiritsi obwereka, kapena ndi tiyi wogulitsidwa pamsika amene amati amatsuka impso.

Pali mtundu wina wa mankhwala okodzetsa umene umasokoneza anthu. Hydrochlorothiazide, amene ambiri amamwa chifukwa cha BP, amachepetsa calcium mu mkodzo, choncho kwa zaka zambiri akhala akuperekedwa pofuna kupewa miyala yatsopano. Ntchito yake si kukokolola zotsalira. Ngakhale pa kupewako, kafukufuku wa ku Switzerland wa anthu 416, amene anatuluka mu 2023, sanapeze kusiyana kwenikweni pakati pa omwa mankhwalawa ndi omwa mapiritsi opanda mankhwala. Amene munalemberedwa kale musasiye panokha, kambiranani ndi dokotala wanu. Iye angathenso kukupatsani tamsulosin, amene si wokodzetsa koma amafewetsa kanjira ka mkodzo, kapena potassium citrate, amene amalepheretsa tizidutswa kukula.

Chimene chili m'manja mwathu ndi madzi. Ku Parma, m'dziko la Italy, anatsatira anthu 199 kwa zaka 5, ndipo zotsatira za mu 1996 zinasonyeza kuti mwa amene anauzidwa kumwa madzi ambiri, miyala inabwerera mwa 12 pa 100 aliwonse, pamene mwa enawo inabwerera mwa 27. Cholinga ndi kukodza malita awiri ndi theka patsiku, zomwe kwa ambiri zimafuna kumwa pafupifupi malita 3, pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka pogona, ndipo kuposa apo m'miyezi yotentha kapena pogwira ntchito kumunda. Mkodzo uzioneka woyera, osati wachikasu chakuda. Amene ali ndi matenda a mtima kapena impso zofooka afunse kaye muyezo wawo. Mchere uchepe m'ndiwo, koma mkaka ndi zakudya zina za calcium musazisale, chifukwa kuzisala kumawonjezera ngozi ya miyala.

Timagazi pang'ono mu mkodzo m'masiku oyamba sitidabwitsa. Koma kutentha thupi, kunjenjemera, kusanza kosalekeza, ululu wosamva mankhwala kapena kusiya kukodza ndi zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale pakati pa usiku, chifukwa impso yotsekeka imene yagwidwa ndi tizilombo itha kupha munthu. Ngati anakuikani kachubu kotchedwa stent, musaiwale tsiku lokakachotsa, pakuti kakakhalitsa nakonso kamamera miyala. Ndipo m'masabata amenewa kodzerani m'kasefa kapena kansalu koyera. Kachidutswa kalikonse kotuluka kaumitseni n'kupita nako kwa dokotala, popeza akakayeza n'kudziwa mtundu wa mwalawo, amadziwanso zakudya ndi mankhwala oyenera inuyo.