Fumbi lofiira pa shafiti ya mota

Tsiku lina ndinkayang'ana mmisiri akumasula mota ya chigayo. Atazula bering'i pa shafiti, panagwa fumbi lofiira ngati katondo. Ine ndinati ndi dzimbiri la madzi. Iye anangopukusa mutu: motayo sinanyowepo.

Zitsulo ziwiri zothinana zikamanjenjemera, zimakhulana pang'onopang'ono, kusuntha kosafika n'komwe pa kunenepa kwa tsitsi. Tizidutswa timanyotsoka, n'kuchita dzimbiri pomwepo chifukwa cha mpweya. Akatswiri amati fretting, ndipo G. A. Tomlinson wa ku Britain anaifufuza kale mu 1927.

Chondidabwitsa n'chakuti maginito nawonso amalowererapo, ndipo m'mota ndiye kwawo. Amakoka tizidutswa tachitsulo kuti tisataike, timangokhala pakati pomwepo. Tikaperedwa n'kusalala, timasanduka kansalu kotchinga zitsulozo kuti zisalumane, ndipo kudyeka kumachepa. Koma tikakhala tokhakhala, timapala ngati mchenga wotsukira mapoto. Zimatengera mphamvu ya maginitowo, kulemera kwa katundu ndi mtundu wa chitsulo; mkuwa sukokedwa n'komwe.

Inu a chigayo, mukaona fumbi lofiiralo musangopukuta. Yezani shafiti, bering'iyo yayamba kugwedera.