Musanalote za mfuti: zinthu 10 zodabwitsa za kusaka nkhandwe mukakhala ku Amanzimtoti

Pa YouTube zimaoneka zophweka. Mlenje wa ku America wakhala pansi patsinde pa chitsamba, kawailesi kake kakulira ngati kalulu wogwidwa, posakhalitsa coyote uyo watulukira, akuthamangira imfa yake. Anyamata athu ena a ku Amanzimtoti, kapena kuti Toti, akaonera zimenezi mtima umadyokoka, poti ambirife tinakula ndi legeni m'khosi ndi agalu m'mbuyo. Ku Africa coyote kulibe, koma ntchito yomweyo imachitika kuno pa nkhandwe, ndipo pafupifupi chilichonse chimene mwaona mu kanemayo chimasintha mukafika ku KwaZulu-Natal.

1. Nkhandwe ya kuno si ija ya kwathu. Imene alimi a ku South Africa amalimbana nayo ndi ya msana wakuda, yolemera makilogalamu pakati pa 6 ndi 13. Ku Malawi mtundu umenewu kulibe. Umapezeka m'madera awiri otalikirana: kummwera kwa Africa kuno, kenaka kuvuma, kuyambira ku Tanzania ndi Kenya mpaka ku Ethiopia ndi Somalia. Malawi ali pakati, pamene palibe. Ija imalira usiku kumudzi, agogo n'kumati ndi malodza, ndi ya mizere m'nthiti, yoyera kunsonga kwa mchira, ndipo imakonda mbewa, tizilombo ndi zipatso. Ya kunoyi ndi yolimba mtima, imagwira ana a nkhosa ndi mbuzi, mwinanso kuluma ng'ombe imene ikubereka.

2. Tchire la aliyense kulibe. Mlenje wa ku America ali ndi poyambira. Nthambi imodzi yokha ya boma lawo, Bureau of Land Management, imayang'anira maekala pafupifupi 245 miliyoni, malo oposa Malawi kasanu ndi katatu, ndipo ambiri mwa malowo munthu wokhala ndi laisensi amalowa n'kusaka. Kuno zinatsata njira ina. Lamulo la Game Theft Act la 1991 linapatsa mwini famu umwini wa nyama zakutchire zimene wazitchingira ndi mpanda woyenera, choncho ulenje unasanduka malonda a m'mafamu. Woyamba kumene safunsa kuti ndikhale pati, amafunsa kuti ndani angandilole. Chilolezo cha mwini malo chikhale cholembedwa, ndipo za mapemiti mumafunsa ku Ezemvelo KZN Wildlife, yomwe imagwirabe ntchito ndi lamulo la Natal la 1974.

3. Ku Toti kwenikweni simungawombe ngakhale chipolopolo chimodzi. Tawuniyi ili makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa Durban, mkati mwa eThekwini. Ilanda Wilds ndi malo osungira mbalame a Amanzimtoti Bird Sanctuary ndi okayendako ndi maso basi. Kuwomba mfuti pakati pa nyumba za anthu popanda chifukwa chomveka ndi mlandu, ngakhale mfutiyo ili ndi mapepala. Nkhandwe zovutitsa alimi zili kumtunda, madera a Mooi River, Nottingham Road ndi Underberg.

4. Amalawi ambiri kuno sangapeze laisensi ya mfuti, ngakhale atakhala ndi ndalama. Apa ndi pamene maloto ambiri amathera. Lamulo la Firearms Control Act la 2000 limafuna kuti muyambe mwapeza setifiketi yosonyeza kuti mfuti mumaidziwa, ndipo imeneyi imaperekedwa kwa munthu wa zaka 21 kapena kuposa, yemwe ndi nzika ya South Africa kapena ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kale. Pemiti ya ntchito siikwana. Koma pali khomo lina lotsegula: mwini mfuti wa laisensi angathe kukulolani kuigwiritsa ntchito iye ali pomwepo akukuyang'anirani. Ndiye ngati abwana a pafamu akutengani usiku, mwina mudzawombako. Koma akakusiyirani mfuti iwo n'kupita kukagona, nonse awiri mwapalamula.

5. Mfuti ndi chinthu chomaliza. Choyamba ndi mphepo. Alenje a nkhandwe kuno amasaka usiku, makamaka mwezi ukakhala mumdima, ndipo kusaka ndi nyali kuli ndi malamulo akeake m'chigawo chilichonse. Ambiri amakhala pampando wozungulira womangirira kumbuyo kwa bakkie, galimoto ataifunditsa neti. Kawailesi koitanira, monga ka Foxpro, amakaika patali pang'ono ndi pamene akhala, kuti maso a nkhandwe apite kumene kukuchokera kulirako, osati kwa munthu. Kulirako ndi kwa kalulu, kwa mwana wa nkhosa, kapena kwa nkhandwe inzake, poti nyamazi zimakhala ziwiriziwiri pamalo pawo ndipo sizilola mlendo.

Tsono chinsinsi chili apa. Nkhandwe yochenjera siibwera molunjika. Imazungulira kaye kupita kumene mphepo ikulowera kuti inunkhize chimene chikulira. Mukakhala poti mbali imeneyo kuli thengo lowirira kapena dzenje, idzamva fungo lanu inu osaiona n'komwe, ndipo mudzabwerera kunyumba mukuti kunalibe kanthu. Choncho sankhani malo okwera pang'ono, pamene mbali yolowera mphepo pali poyera. Musadutse ndi galimoto pamalo pamene mukuyembekeza kuti idzere. Musamenyetse chitseko. Ndipo masana muyambe mwayendera malowo kuti mudziwe kumene kuli nyumba za antchito, ziweto ndi msewu, chifukwa chipolopolo chophonya chimapita kutali kwambiri, ndipo m'nyumba zimenezo nthawi zina mumagona abale athu omwe.

Za mfuti zilibe nkhani yaitali: .223, .22-250 kapena .243 zimakwana. Chodabwitsa n'chakuti sailensa, imene ku America imafuna kulembetsa ku boma, kuno siifuna laisensi yapadera. Makina oona kutentha kwa thupi mumdima alowa m'malo mwa nyali yofiira kwa amene ali ndi thumba lolemera. Kwa ine, wophunzira amene wagula zonsezi asanadziwe kuwerenga mphepo wangotaya ndalama, komanso wawonongera anzake: nkhandwe imene yaphonyedwa kamodzi imakhala yaphunzira, ikamvanso kulira komweko imalowera kwina.

6. Chida chophera coyote chinafikadi kuno. M'zaka za m'ma 1960 South Africa inayamba kugwiritsa ntchito msampha wochokera ku America wotchedwa coyote getter. Ndi kachitsulo kokhomera pansi, pamwamba pake nyambo yonunkha. Nyama ikakoka, kamaphulitsira poizoni wa cyanide m'kamwa. Vuto n'lakuti kachitsulo sikafunsa dzina. Agalu a pamudzi ndi nyama zina zosalakwa zinafa nako.

7. Gulu lalikulu kwambiri losaka nkhandwe linkapha kwambiri nyama yolakwika. Oranjejag inakhazikitsidwa mu 1966 ku Orange Free State, ndi thandizo la boma, ili ndi alenje olembedwa ntchito ndi magulu a agalu, ndipo inatha mu 1993. Powerengera zimene inapha, zambiri zinali Cape fox, kankhandwe kakang'ono kodya makamaka mbewa ndi tizilombo. Usiku maso onse amawala mofanana. Amene sangasiyanitse nkhandwe ndi Cape fox, ndi ina ya makutu aakulu yodya chiswe, kapena ndi gwape, asaike chala pa mfuti.

8. Mukamazipha kwambiri, zimaswana kwambiri. Nkhondo imeneyi ndi yakale: boma la Cape linkalipira anthu pa nkhandwe iliyonse yophedwa kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, alimi anamanga mipanda ya waya ya makilomita osawerengeka m'Karoo, koma nkhandwe zilipobe. Mu 2016 Liaan Minnie ndi anzake Angela Gaylard ndi Graham Kerley anafalitsa kafukufuku woyerekeza nkhandwe za m'mafamu, kumene zimasakidwa, ndi za m'malo otetezedwa. Anapeza kuti za m'mafamu zimayamba kubereka zili zazing'ono ndipo zazing'onozo zimabereka ana ambiri. Mukachotsa banja lokhazikika, malo ake amalowamo achinyamata ochokera kwina. Sindikunena kuti mlimi amene akutaya ana a nkhosa angokhala manja lende. Koma pali kusiyana pakati pa kuchotsa nkhandwe imodzi imene yazolowera khola ndi kuwomba chilichonse choyenda. Ndipo zina mwa njira zimene akatswiri akulimbikitsa tsopano ndi zimene mwana aliyense wa ku Ntcheu amazidziwa: mbusa masana, khola lolimba usiku. Ena amawonjezapo agalu aakulu a mtundu wa Anatolian, oleredwa pakati pa ziweto kuyambira ali ana.

9. Uzimba wa agalu ndi khwekhwe zingakulowetseni m'chitokosi. Ku Midlands kuli mchitidwe wa anthu obwera pa mateksi ndi agalu othamanga, kulowa m'famu ya mwini popanda chilolezo ndi kubetcherana ndalama kuti galu wa yani agwire. Ndi mlandu, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zikutha mphoyo zazing'ono za oribi. Kufupi kuno, m'tchire la m'mbali mwa mitsinje ya ku Toti, anthu odzipereka a Snare Aware amayenda kuchotsa misampha ya waya imene imakola agwape, mbawala ndi agalu a anthu. Kwa mlendo m'dziko la eni, mlandu wotere umakhudzanso mapepala.

10. Nkhandwe yosaopa munthu ndi imene muyenera kuiopa. KwaZulu-Natal ndi chimodzi mwa zigawo zimene chiwewe chimavuta kwambiri, makamaka mwa agalu, ndipo nkhandwe nazo zimachitenga ndi kuchifalitsa. Ikamayenda masana pafupi ndi nyumba, yooneka yofatsa kapena yosokonezeka, musaiyandikire. Uzani a zachipatala cha ziweto a boma. Yakufa musaigwire ndi manja opanda magolovesi, ndipo agalu anu asaidye. Mukalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera, chifukwa zizindikiro zikangoyamba kuoneka mankhwala ake palibe.